Madzi Achiwiri a Mpunga

Ndinalota nkhope za anthu a pabwalo pathu zitayanikidwa pachingwe cha zovala, iliyonse ndi pegi yake. Linali tsiku lochapa, ndipo palibe amene anadabwa. Yanga inali kumapeto, kufupi ndi bafa, ikudontha mafuta. Ya mng'ono wanga Yasinta inali pakati penipeni pomwe dzuwa limayambira kufika, yosalala ngati mbale yatsopano. Amayi opita kumjigo ankaima, kutula zidebe, n'kuipatsa moni atapinda maondo. Ankati imeneyi ndiye nkhope ya malemu mayi athu yeniyeni, palibe chochotsera.

Zinandiwawa, ndisaname. Mayi ndinawadwazika ndine. Ndine ndinkawatembenuza pamphasa, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi supuni, Yasinta ali ku Mzuzu akungotumiza moni pafoni. Koma pogawana za masiye, ine ndinalandira mapoto ndi msana wopweteka, iye anatenga nkhope.

Chinsinsi chake ndinkachidziwa, poti chimachokera m'manja mwanga momwemu. Chibwerereni kuchokera ku Mzuzu, ndikamatsuka mpunga, Yasinta amabwera ndi kapu kudzapempha madzi otsukirawo. Amawathira m'kabotolo pamodzi ndi tizidutswa ta nkhaka, ndiye m'mawa amanyowetsa thonje n'kudzipukuta nkhope asanadzole mafuta. Akuti khungu limakhala lofewa, thukuta silichuluka. Mpunga wanga, madzi otunga ine, kuwala kwa iye. Ndipo akamaliza amandiseka kuti mzere wa pakati pa nsidze zanga ndi wakuya moti munthu angabzalemo chimanga.

Ndinaanula nkhope yanga n'kuivala ikadali yonyowa. Ndinati lero madzi ndisunga ndekha. Nditatsegula chitseko cha khitchini ndinapeza m'katimo muli munda wa mpunga, madzi ofika m'maondo, mbaula ikuyandama moto wake osazima. Mayi anali atakhala pamtondo pakati pa mundawo, atavala chitenje chomwe tinawaika nacho, akusankha timiyala m'lichero. Sanatukule mutu.

"Wabwera, Elube," anatero.

Ndinagwada m'madzimo n'kuwafunsa chifukwa chomwe anaphunzitsira Yasinta yekha za madziwa. Anati Yasinta anafunsa, ine sindinafunse. Kenako anandiuza kapangidwe kake ngati akuwerenga zolengeza kutchalitchi. Madzi oyamba ndi a fumbi, nditaye. Achiwiri ndisunge, agone, ndisefe ndi kansalu koyera. Nkhaka ikhale yanthete. Thonje liziyenda kuchokera kuchibwano kumakwera kumphumi.

"Upukute kamodzi basi," anatero, maso ali m'lichero. "Madzi amenewa sadziwa posiyira."

Zodikira kuti madzi agone zinandikanika. Kabotolo ka Yasinta kanabwera kakuyandama pakati pa mpunga, kanandigunda pabondo, n'kunena mwaulemu ndithu kuti, "Pepani, ine ndili ndi eni ake." Ndinakayankha kuti mwini mpunga ndine. Ndinakatsegula ndi mano.

Nditapukuta, thonje linatuluka lakuda bii ndi mwaye wa zaka zanga zonse za pamoto. Ndinadziyang'anira m'madzi ndipo ndinaona mkazi woti n'kumutembenukira pamsewu. Zikanakwanira pomwepo. Koma panja ndinkamvabe amayi aja akupatsa moni nkhope ya Yasinta, akuifunsa kuti yadzuka bwanji, ndipo mtima unandiotcha. Ndinathiranso madzi pathonje. Zipsera za ziphuphu za utsikana wanga zinachoka, madontho a dzuwa m'masaya anachokanso. Panja moni uja sanasiye. Ndinakhuthula kabotolo konse, kakulira, n'kukhula mwamphamvu pakati pa nsidze. Mzere uja unamatuka ngati ulusi wakuda, unagwera m'madzi, n'kuyamba kusambira kulowera kumizu ya mpunga.

Nkhope yanga inasalala ngati dzira. Ya Yasinta sikanafikapo ndi komwe. Ndinaimirira patsogolo pa mayi kuti andione, anene okha ndi pakamwa pawo kuti wofanana nawo ndi uti.

Apo m'pamene anatukula mutu. Pakati pa nsidze zawo panali mzere womwe uja, wakuya, wopendekera kumanzere. Ndinaukumbukira. Unkaoneka akamasankha mpunga, akamadikira bambo pakhomo, akamanditumiza kumsika. Yasinta alibe mzere umenewo, ndipo sanakhalepo nawo.

Mayi anaika lichero pamiyendo n'kuomba m'manja pang'ono, monga amachitira kukabwera mlendo.

"Zikomo, mayi. Mukufuna ndani?"

Ndinati ndine Elube, mwana wawo woyamba, amene ndinkawasambitsa. Anandiyang'anitsitsa mwachifundo, n'kupukusa mutu.

"Elube wanga ndimamudziwira apa," anatero, chala chili pakati pa nsidze zawo. "Anali pompano. Mukakumana naye mumuuze kuti ndikumudikira."

Anabwerera kumpunga wawo. Ndinagwada n'kuyamba kufufuza m'madzi ndi manja awiri. Ndinkagwira mizu, ndinkagwira matope, ndinagwira ngakhale chivindikiro cha kabotolo, koma ulusi uja unkangodutsa pakati pa zala. Madzi anakwera kufika m'chifuwa. Mtondo unayamba kuyandama, mayi ali pomwepo, ukupita kumapeto kwa munda. Ndinaitana kuti mayi, mayi, ndipo iwo anandiyankha kuti ndiyende bwino.

Ndinadzidzimuka kutacha, dzanja lili pamphumi. Mzere unalipo. Ndinausisita nthawi yaitali ndisanadzuke.

Masana ake ndikutsuka mpunga, Yasinta anatulukira ndi kapu yake, nkhope ikuwala monga mwa masiku onse. Anaima n'kundiyang'ana.

"Achemwali, mwakwinyanso? Mukatero mumakhala mayi enieni, mpaka ndimaopa kukupemphani kanthu."

Ndinataya madzi oyamba, achiwiri ndinamuthirira mpaka kapu kusefukira. Nkhope sindinamasule.