Cholembera Chofiira cha a Matthew

Kalata ya kuchipatala inakhala pamwamba pa firiji masabata atatu, ndipo Vainess ankaidutsa ngati mmene munthu amadutsira galu wolusa wa aneba. Inanena kuti mtsempha waukulu wa m'mimba mwa amuna ake, a Matthew, watupa ngati chubu cha njinga, ndipo adokotala akufuna kuwachita opaleshoni Lolemba. Chimene chinatsala n'chakuti eni ake asaine fomu, ifike kuchipatala Lachisanu isanakwane faifi koloko. Lachisanulo linali litafika.

A Matthew anaphunzitsa Chingerezi zaka khumi ndi ziwiri ku Ntcheu asanabwere ku Canada mu 1991. Kuno ankanyamula makatoni kunyumba yosungiramo katundu ku Brampton, koma uphunzitsi sunawachoke. Cholembera chofiira chinkakhala m'thumba la shati ngakhale kutchalitchi. Ndi cholembera chimenecho anazunguliza liwu limodzi m'kalatamo, fatal, n'kulemba pambali pake, fate, kutanthauza zolembedwa kale.

"Mawu awiriwa ndi mwana ndi mayi wake," anatero. "Adokotala akuvomereza okha kuti zinalembedwa kale. Imfa sithawika, mayi a Grace. Ingokanselani appointment imeneyo."

Vainess sukulu analekeza Folomu 2, ndipo kutsutsana ndi a Matthew pa Chingerezi kunali kudzivuta chabe. Anachonderera, analira, anaitana akulu a mpingo. Akuluwo anamwa tiyi, anamvetsera phunziro la mawu awiri aja, n'kutsanzika kuti akawapempherera. Mtima wa Vainess unatheratu.

M'mawa wa Lachisanulo anapita kuntchito kwake kunyumba yosamalira okalamba ku Etobicoke, kalata ndi fomu zili m'thumba la yunifolomu. Woyamba kumetedwa ndevu anali a Hollmann, Mjeremani wa zaka makumi asanu ndi atatu, munthu wamwano woti tiyi ukawapatsa amati wazizira, ukatenthetsa amati ukufuna kuwapha. Maganizo ali kwina, Vainess anawacheka ndi lezala pachibwano.

"Lero wabwera kudzandizinga?" anafunsa m'Chingerezi chawo cholemera chija.

Vainess anangoyamba kulira, thovu lili m'manja. Atafotokoza, nkhalambayo inaitanitsa magalasi ndi kalata.

"Fatal ndiye kuti chimapha, basi. Nanga mawu otsatirawa sunawaone? If untreated. Chimapha ngati sachichiza. Mwamuna wakoyo ndi chitsiru kapena wabodza."

Mawuwo anamuwawa Vainess, komabe anawagwira ndi manja awiri.

"Kwathu za fate zimenezi tili nawo mawu ake ambiri," anapitiriza a Hollmann. "Schicksal, Verhängnis, Los. Nafenso timakonda kubisalamo. Schicksal likuchokera ku schicken, kutumiza. Ndi chinthu chimene wina wakutumizira. Mkazi wanga analinena liwu limenelo chaka chathunthu chotupa chili m'bere, ine ndikungovomera." Anatembenukira kuwindo. "Tamaliza kundimetako, wandicheka kale."

Masana Vainess anapempha kuweruka msanga. Anakwera mabasi awiri, ndipo yachiwiriyo inkaima paliponse ngati yachita kutumidwa. Ku Brampton anafika itadutsa fili koloko. Anawapeza a Matthew kumbuyo kwenikweni kwa nyumba yosungiramo katundu ija, akumata mapepala pa makatoni. Sanawapatse moni.

"Bambo a Grace, makatoni awa ndi a chiyani?"

"Ndi ma return. Eni ake awakana, akubwerera komwe achokera. Mwadzatani kuno?"

"Ndiye kuti chotumizidwa chimakanidwa?" Anatulutsa kalata ija n'kuiyala pa katoni. "Tanthauzo la fatal ndalimva. Ndamvanso if untreated, mawu amene cholembera chanu chinawalumpha."

Ankayembekeza phunziro lina. Koma a Matthew anangokhala pansi pa katoni, n'kuvula magolovesi pang'onopang'ono.

"Liwu limenelo ndinalidziwa ndili Folomu 1," anatero motsitsa. "Bambo anga analowa m'chipinda cha opaleshoni akuseka. Anandipatsa wotchi kuti ndiwasungire ola limodzi. Wotchiyo ndi iyi ndavalayi. Ndikuopa, Vainess."

Chibadwire cha Grace anali asanamuitanepo ndi dzina lake. Chisoni chinamugwira, koma mkwiyo ndi umene unayamba kutuluka.

"Masabata atatu ndakhala ndikudziyesa mbuli, ndikulira m'basi, inu mukudziwa. Mantha ndili nawo inenso, oposa anu, chifukwa wotsala m'dziko la eni ndi mwana ndine. Muope mutasaina."

A Matthew anayang'ana kalatayo nthawi yaitali. Kenako anasolola cholembera chofiira, anakhwatcha fate uja monga ankachitira m'makope a ana, n'kukokera fomu pafupi. Anasaina dzina lawo. Nthawi inali itadutsa hafu pasiti fili, ndipo kuchipatala kunali ulendo wa ola lathunthu.

Vainess akupinda fomuyo, a Matthew anamasula wotchi ija pamkono n'kumulozetsa.

Vainess anabisa manja kumbuyo.

"Imeneyo sindilandira," anatero. "Lolemba mukawapatse anesi, mukaitenge nokha."