Ndege m'bafa la apongozi

Ndege yanga inagwera m'bafa la apongozi Lachisanu pa 18 Ogasiti 2023, nthawi ili 6:42 m'mawa. Apongoziwo anali momwemo. Kwa Kalembo ena amati linali Lamulungu, ena amati ndinachita dala. Zonsezo n'zabodza.

Ndine Japhet, mphunzitsi wa sayansi. Ndinakwatira Bernadetta pa 12 Sepitembala 2020 n'kukhala pachikamwini, mamita makumi atatu kuchokera pakhomo pa mayi ake. Zaka zitatu zonsezo ine ndi apongozi sitinalankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'tchire n'kunjuta mpaka adutse. Mawu athu onse ankadzera mwa Bernadetta.

Mu Julaye anandisamutsira kusukulu ina ku Ulongwe, komwe anandipatsa nyumba ya malata. Kuti ndipite ndi mkazi wanga panafunika kupempha chitengwa. Amalume ake, a Esau, anaika tsiku: Loweruka pa 19 Ogasiti. Aliyense pamudzipo ankadziwa kuti pakamwa ndi pa a Esau, koma mawu ndi a mlongo wawo. Ndipo mlongo wawoyo anali atanena kale kuchigayo, anthu akumva, kuti sangapereke mwana wake kwa munthu wandevu woseweretsa zidole.

Chidole changacho chinali ndege yoyendera limoti, mapiko ake mita imodzi ndi masentimita makumi awiri. Thupi ndinasema ndekha kuchokera ku fomu yotetezera filiji m'katoni, mota ndi batire ndinaitanitsa ku Blantyre. Pa 6 Meyi inauluka masekondi khumi ndi imodzi n'kugunda mtengo wa golo pabwalo la mpira. Pa 24 Juni inauluka masekondi makumi anayi n'kukodwa mumlambe, momwe inakhala masiku awiri mudzi wonse ukuionerera.

"Inu," anatero Bernadetta, "mpaka Loweruka lidutse, chinthu chanucho chikhale pansi pa bedi. Mwamva?"

Ndinalonjeza. Linali Lolemba, pa 14.

Lachisanulo kunacha kopanda mphepo ngakhale pang'ono. Mu Ogasiti zimenezi sizichitikachitika. Phiko ndinali nditalimata bwino, batire ili yodzadza, Bernadetta ali kumjigo. Ndinaganiza kuti mphindi ziwiri sizingathetse banja. Ndinakulunga ndegeyo m'chitenje chake n'kudzera kuseri kwa makola kupita kubwalo.

Ndinene zoona: inauluka bwino. Inakwera mowongoka, inazungulira bwalo kawiri, inatha mphindi zitatu ili m'mwamba. Vuto linayamba itatembenuka kuloza kwa ine. Ndege ikamabwera kwa woiyendetsa, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwa munthuyo. Mfundo imeneyi ndimaphunzitsa Fomu 2 chaka chilichonse, galasi lili m'manja. Mutu unkadziwa, chala chachikulu sichinkadziwa. Ndinafuna ikhotere kudambo, iyo inakhotera kumudzi. Ndinakankha mwamphamvu kuti ndikonze, ndipo inakhota mwamphamvu.

Ndinazimitsa mota kuti igwe msanga. Sinagwe. Inayandama mwaulemu kudutsa khola la mbuzi, kudutsa nkhokwe, n'kutsikira m'kampanda kaudzu komwe kankatuluka nthunzi.

Kunamveka beseni. Kenako kunamveka mawu.

"Mayi Mariya! N'chiyani ichi!"

Ndinathamanga mamita mazana anayi, koma nditafika pankhokwe ndinaima. Mkamwini saodira pabafa la apongozi. Safunsa ngati avulala. Sapepesa n'komwe, chifukwa kupepesako n'kulankhula nawo. Ndinachita chimene mwambo umalola: ndinanjuta. Ponjutapo bondo linagunda limoti, ndipo mota inalira m'bafa muja ngati mavu chikwi.

"Ili moyo! Bernadetta, ili moyo!"

Bernadetta anafika ndowa ili pamutu. Anayang'ana bafa, anayang'ana ine, anayang'ana limoti. Anatula ndowayo pang'onopang'ono, osataya ngakhale dontho.

"Uwauze amayi kuti ndapepesa," ndinanong'ona.

"Chitenje changa chili kuti?"

"Kubwalo."

Apongozi anatuluka atadzimangira nsalu pachifuwa, sopo ali kukhutu, atanyamula ndegeyo kumchira ngati nkhuku yofa ndi chitopa. Sanavulale. Beseni ndi lomwe linaphwanyika. Sanandiyang'ane, ngakhale ndinali poonekera ngati mbuzi pamsewu. Analowa nayo m'nyumba n'kutseka chitseko.

Loweruka tinakhala pansi pa mtengo wa mango 9 koloko. Kumbali yanga kunali achimwene anga a Raymond, omwe anachokera ku Balaka atavala jekete. Nkhani ya dzulo lake anaimvera pakabaza, kwa wopalasa njingayo. Apongozi anakhala pamphasa chotipatsa msana. Pakati pa bwalo, pomwe ena amaika nkhuku ya ankhoswe, panali ndege, mphuno yophwanyika, phiko limodzi likununkhira sopo.

A Raymond analankhula mphindi khumi ndi zinayi. Anatchula digiri yanga, nyumba ya malata, ndi zoti sindimwa mowa.

"Bola akanamamwa," anatero apongozi, akuuza mtengo wa mango. "Woledzera amagwa yekha."

A Esau anakhosomola. "Akamwini, ife tamva. Koma mlongo wangayu ali ndi mafunso."

"Bernadetta," anatero apongozi, "umufunse mwamuna wakoyo. Chinthu chakechi chili ndi maso?"

Bernadetta anatembenukira kwa ine. "Akuti chili ndi kamera?"

"Uwauze kuti iyayi."

"Akuti iyayi."

"Ndamva, sindine gonthi. Umufunse, akachimatanso chimafika mtunda wotani?"

Apa ndikanatha kunena kuti sindidzachimatanso. A Raymond anandiponda phazi kuti nditero. Koma funso linali la mtunda, ndipo yankho lake ndinkalidziwa.

"Uwauze kuti mamita mazana asanu ndi atatu. Batire ikakhala yatsopano, kilomita imodzi."

A Raymond anaphimba nkhope ndi chipewa.

"Nanga ku Ulongwe kusukulu kwakeko n'kutali bwanji ndi pano?"

"Makilomita khumi ndi anayi, kudzera njira yachidule."

Apongozi anagwedeza milomo ngati akuchotsera nambala ina pa inzake. Kenako anakonza mpango wawo.

"Achimwene, apatseni mkazi wawo. Ine zaka zitatu ndimati mwana wanga akhale pafupi azindithandiza. Koma thandizo lake limabwera ndi uyu. Ndikufuna ndizisamba nditayang'ana pansi ngati anthu ena onse."

"Ndiye tinene kuti asamuke mwezi wamawa?" anafunsa a Esau.

"Mwezi wamawa wa chiyani? Ngolo ya a Yunusu ilipo lero."

A Raymond anaomba m'manja mothokoza, ine ndikutsatira. Bernadetta anali ataweramira pansi, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka. Nditatambasula dzanja kuti nditole ndege yanga, apongozi anaikokera kwa iwo ndi phazi, osatembenuka.

"Umuuze kuti ichi achipeza pangolo, ng'ombe zikayamba kuyenda."

Tinanyamuka 2:15 masana.