Mkamwini Anauma Padenga

Mkamwini wanga Wilbroad anali ndi ngongole ya denga. Sindikunena ndalama ayi, ndalama zake za ku loji ya alendo zimathera mu foni. Ndikunena denga la nyumba yanga. Pamene ankakwatira mwana wanga Rosina, anagwada pamaso pa amalume ake a mwanayo nanena ndi pakamwa pake kuti, "Nyumba ya amayi ndidzafolera ndine." Anthu anaomba m'manja. Mdzukulu wanga Tina anabadwa, anakwawa, anamera mano, denga lili chomwecho. Mvula ikagwa ndinkagona ndi beseni pamimba.

Chaka chino ndinati basi. Udzu ndinamweta ndekha kudambo, njovu zikundiyang'ana. Mlaza womangira ndinasinthanitsa ndi nthochi. Loweruka ndinasasula udzu wakale wonse, nyumba inatsala nthiti zokhazokha, matumba a chimanga ndi mbewu ya thonje zikuonekera kumwamba. Ndinachita dala. Munthu akaona nyumba ya apongozi ili maliseche sanenanso kuti mawa.

Ndinaitana Rosina. "Ukawauze amuna ako, Mande denga."

Ndinatuma Rosina chifukwa ine ndi mkamwini sitinkalankhulana. Ndi mwambo. Tikakumana panjira iye ankapatukira kutchire, ine n'kuyang'ana kumbali. Nkhope yake sindinkaidziwa bwino, ndinkadziwa msana ndi njinga. Kuti zimenezi zithe, mpongozi amapereka nkhuku kwa mkamwini pali mboni, ndiye kuti mwamasukirana, mutha kugwirana chanza ndi kudyera mbale imodzi. Anzanga anapereka kale nkhuku zawo. Ine ayi. Nkhuku sizimera m'munda. Komanso mkamwini wokuopa amagwira ntchito mwakachetechete.

Sabata imeneyo Wilbroad kunalibe. Mzungu wa loji ya ku Chinzombo kumene amagwira ntchito anamtumiza ku Siavonga, kunyanja ya Kariba, kukaphunzira injini ya boti, poti Luangwa akadzaza alendo amayenda pamadzi. Anabwera Sande masana. Dzuwa litapendeka Rosina anafika ndi foni, mano onse panja.

"Amama, onani zimene achita akamwini anu ku Kariba!"

Ndinaona. Munthu waima pa thabwa lalitali pakati pa madzi. Thabwalo lili ndi mlongoti ndi chinsalu chachikulu chagona m'madzi. Iye akukoka chingwe, akukoka, msana wapindika, chinsalu chadzuka. Wagwira chitsulo. Mphepo yakankha. Phava, m'madzi! Wakweranso, wakokanso, phava! Pamtunda azungu akuseka, iyenso akuseka.

"Wagwira nsomba zingati?"

"Si zosodza, amama. Ndi masewera. Mphepo ndiyo imakuyendetsa."

"Amulipira zingati?"

"Amalipira ndi wokwerayo. Koma iwo anawakweza ulere, tsiku lonse, potsazikana."

"Kugwa m'madzi n'kolipira? Bwenzi tonse a kuno tili olemera."

Rosina anatseka foni, nayamba kukanda pansi ndi chala. Ndinadziwa kuti pali mawu.

"Ndiye akuti mawa sangathe. Thupi lonse lauma. Potsika basi pa Mfuwe anachita kuwagwira. Mabatani a shati ndawamangira ndine."

"Pa foni apa akuseka."

"Akuti ululu wake subwera tsiku lomwelo, umabwera mawa lake ndi mkuja."

"Ululu waulemu bwanji umenewo, wodikira munthu afike kwa apongozi? Taona uko." Ndinaloza kumapiri a Muchinga kumene mitambo inaunjikana yakuda bii. "Mphamvu za denga langa wakazitaya ku Kariba. Akazitole. Mande ndi Mande."

M'mawa anabwera. Ndinamuonera pakona pa diso, akuyenda tang'atang'a ngati tonde wofulidwa dzulo. Anafuna kugwada patali kuti apereke moni, maondo anakana, anangowerama theka. Makwerero obwereka anakwera ngati nkhalamba, akupuma pa mtanda uliwonse. Ine mumtima ndinati ziwonetsero.

Tsikulo linali la sikelo, Rosina anabereka Tina kupita ku kiliniki. Tinatsala awiri opanda wotilumikiza. Ndiye ndinachita zimene amachita anthu: ndinalankhula ndi mtengo wa mango wa pabwalo.

"Iwe mango, uwauze kuti mtolo ukubwera."

Ndinaponya mtolo chofulatira. Ndinamva phu, ndi kubuula.

"Mango, uwauze amayi kuti wafika. Wafikira pamutu."

"Mango, uwauze kuti mzere wapindika."

"Mango, amayi aona bwanji, poti afulatira?"

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma ndinameza.

Ntchito inkayenda ngati ya bilimankhwe. Dzuwa la Okutobala m'chigwa muno mukulidziwa, limaphika dzira m'mimba mwa nkhuku. Thukuta lake linkadonthera pa matumba anga. Dzuwa litafika paliwombo mbali imodzi inali isanathe, ndipo mphepo inayamba kununkha mvula. Pamenepo ndinamva mfuu.

"Mayo! Mayo ine!"

"Mango, n'chiyani? Njoka?"

"Mwendo, mango! Mwendo!"

Ndinasuzumira. Munthu wagona chafufumimba pa phaso, mwendo umodzi watuluka kunja kwa denga, wawongoka ngati musi. Katumba wakungana, watupa ngati chibakera, zala za phazi zaloza pansi. Apa ndinadziwa kuti si ziwonetsero. Chinthu chimenechi chimatigwira nthawi yotola thonje, ukawerama tsiku lonse padzuwa osamwa madzi. Chimapweteka kuposa dzino. Mankhwala ake ndi amodzi: wina agwire phazi, akankhire zala m'mwamba, afinye chotupacho mpaka chilekerere.

"Mango, uwauze akokere zala za phazi m'mwamba!"

"Sindingathe! Manja nawonso agwira!"

Zoona. Zala za manja zinapindikira pa mbalo ngati zikhadabo za nkhuku yowamba. Kutsika sangatsike, kukwera sangakwere, ndipo thupi linkatsetsereka pang'onopang'ono kulowera m'mphepete.

Ndinakuwa. Amuna onse anali kumtsinje ndi maukonde, akazi ku sikelo. Anatulukira ndi a Tabeth okha, mlamu wanga, mlongo wa malemu amuna anga, akugogoda ndodo. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine, n'kukhala pa mtondo kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwaswera bwanji, mlamu? Mwayanika chiyani padenga?"

"Siyani mano, kwerani mukamukoke phazi."

"Ine? Ndi maondo awa? Mukufuna maliro awiri? Kwerani ndinu, miyendo muli nayo."

"Ndigwire mwendo wa mkamwini? Mwapenga?"

"Perekani nkhuku. Mboni ndine ndafika kale."

Ndinaona kuti a Tabeth akhala akudikira tsiku limeneli, chifukwa mboni imadya nthutumba ndi ntchafu.

"Ndipereka dzira," ndinatero.

"Dzira?"

"Dzira ndi nkhuku yomwe. Yangochedwa nthenga."

"Dzira limamasula moni wapatali chabe. Apa ndi mwendo, mlamu."

"Kamwanapiye."

"Kamwanapiye ndi chala chimodzi. Sankhani chala chake."

Kumwamba kunamveka mawu olira. "Amayi a Tabeth, auzeni amayi kuti nkhukuyo ndidzabweza ine!"

"Khalani chete inu, nkhuku yomasulira sabweza," anatero a Tabeth. "Inu ntchito yanu ndi kulira."

Kumapiri kunagunda. Mphepo inanyamula udzu wanga wina n'kuumwaza pabwalo. Ndinaganiza chimanga cha chaka chonse chitanyowa, chitamera m'matumba. Ndinaganizanso Rosina akubwera ku sikelo n'kupeza mwamuna wathyoka msana pakhomo panga. Ndinataya chitenje chapamwamba n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Ndinasankha tambala wa khosi lopanda nthenga, uja amalira masana ndi kuthawa misoti.

"Ameneyo ndi mafupa," anatero a Tabeth.

"Ali ndi lipombo? Ndi tambala. Gwirani makwerero."

Ndinakwera, tambala m'khwapa akukuwa, a Tabeth pansi akundiuza mawu oti ndinene ngati ine sindinakulire pamudzi. Nditafika m'mphepete ndinanena anga.

"Atate ake Tina, landirani nkhuku. Kuyambira lero ndinu mwana wanga. Koma musandizolowere."

"Zikomo amayi, koma ndilandira ndi chiyani?"

Ndinamangirira tambala ku mbalo ndi mlaza, pafupi ndi khutu lake. A Tabeth anaimba nthungululu yothera m'chifuwa. Ndiye ndinagwira phazi. Ndinakankha zala m'mwamba ndi phewa langa, dzanja linalo ndikufinya katumba ngati ndikukanda dothi la mbiya.

Mfuu imene anakuwa Wilbroad, mvuu za ku Luangwa zinayankha.

"Amayi, mundipha!"

"Pa thabwa paja munkaseka. Sekani."

"Pang'onopang'ono, amayi!"

"Pang'onopang'ono ndi ku loji. Pumirani m'mwamba."

Ndinamva chotupa chija chikufewa pansi pa chala changa, chikusungunuka, mpaka mwendo unagwa lende. Ndinakwera mtanda wina n'kuyamba kuwongola zala za manja chimodzichimodzi, ndikufinya mkono kuyambira pachigongono. Mikono yonse inali gwaa ngati nkhuni za mopane. Pamenepo ndi pamene ndinamuona nkhope bwinobwino. Mwana wa eni wosalala ndithu, wa mpata m'mano, koma makutu!

"Kani makutu a Tina ndi anu? Ine ndinkanamizira amalume ake."

Anaseka misozi ili m'masaya.

Anatsika chobwerera, ine ndikumugwira lamba. Ndinamukhazika pamthunzi n'kumusungunulira mchere m'kapu ya madzi, ndi kashuga kotsina ndi zala ziwiri. Anamwa makapu angapo. Ndinamupaka mafuta ophikira m'miyendo, pang'ono, poti akwera mtengo. A Tabeth anali atanola kale mpeni pamwala.

"Tandiuzani," ndinatero, "chinakutumani kukwera thabwa lija n'chiyani?"

"Amayi, ndinagwa tsiku lonse. Koma kamodzi kokha chinsalu chinagwira mphepo bwino, thabwa linathamanga, madzi akulira pansi. Kopanda injini, kopanda nkhafi. Ndinamva ngati ndine nkhwazi."

"Nkhwazi imabwera ndi nsomba."

Atapuma ndinati tiyeni. Zala zake zinali zisanalimbe kukoka mlaza, ndiye ine ndinalowa m'nyumba, ndinaima pa matumba ndi singano yawaya. Iye amalowetsa kunja, ine ndimakoka mkati ndi kubweza. Kopanda mango pakati ntchito inathamanga. "Kumanzere, amayi." "Kokani." "Mwandibaya chala!" "Chotsani chalacho." Miyendo ikayamba kunjenjemera ankanena, ine n'kumutumizira kapu ya mchere pa ndodo.

Kenaka ndinamva, "Amayi, udzu uwu munamweta waufupi."

Sindinakhulupirire makutu anga. Tambala asanapse n'komwe!

"Waufupi ndinu. Mangani."

Rosina anatipeza tikukangana choncho. Anaima pakati pa bwalo, Tina kumsana, kukamwa yasa. Anayang'ana mwamuna wake padenga, anamva mawu anga m'nyumba, anaona nthenga zili mbwee pa mapazi a a Tabeth.

"Azakhali, kwagwanji kuno?"

"Palibe wagwa, mwanawe, ndiye nkhani yake. Bweretsa tomato."

Mvula ija inakagwera ku Nsefu. Kwathu kunangodontha timadontho tosanyowetsa ngakhale mbuzi. Ndinauza a Tabeth kuti tambala wanga wapita ndi mvula ya eni, iwo anati ndikadandaule kumitambo. Tinadya tonse pamphasa imodzi. Wilbroad ankanyamula mbamu ndi manja awiri ngati mwana, Tina akumuseka.

Lachiwiri anabwera akutsimphinabe koma akuimba muluzu. Moni anapereka wa chanza, ine ndinalandira. Dzuwa lisanapendeke anamanga nsonga, anadula m'mphepete ndi chikwakwa, natsika.

"Amayi, kaoneni."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinayang'ana kumwamba kufuna kabowo ka dzuwa. Ndinafufuza ngodya zonse. Mdima wokhawokha, ndi fungo la udzu watsopano. Ndinatuluka.

"Ili latha," ndinatero. "Tsopano udzu watsala mitolo ingapo, makwerero ali pompa. Khitchini nayonso ndi nyumba."

Wilbroad anapukuta manja pa buluku, nandiyang'ana m'maso, mpata wa m'mano uli poyera.

"Ayi, amayi. Ndinati nyumba. Khitchini sindinainene."

"Mango," ndinatero, "uwauze..."

"Ndamva ndekha, amayi. Ayi."

Ananyamula makwerero paphewa kukabweza kwa eni ake.