Maso a Kamnzanga

Mwamva kale, ndikudziwa. Aliyense akunong'ona zoti mayi anga aang'ono mutu sukuyenda bwino, ati mlonda anawatulutsa m'shopu yawo yomwe atawapeza akuboola malaya ndi sizasi. Ena akuti anali ataledzera. Bodza! Iwo aja fungo lokha la mowa limawadwalitsa. Nkhani za eni ndimazikonda, sindikana, koma iyi ndi yakwathu, ndiye ndisiyeni ndiifotokoze ndekha.

Mayi aang'ono ndi telala. Kale ankasokera pakhonde ndi makina opondera, osokosera ngati chigayo. Anali ndi mwana mmodzi yekha, mng'ono wanga, yemwe tinkamutcha Kachiwala poti sankayenda, ankangolumpha. Diso lake lakumanzere linali laling'ono chibadwire. Atangoyamba sukulu anabwera akulira.

"Amayi, akuti diso lina ndinaliiwala kunyumba."

Mayi aang'ono sanapite kukakalipa. Anadula kachigamba kachikasu kozungulira, n'kukasokera pathumba la diresi lake. Pakamwa anapanga ndi ulusi wofiira. Maso, batani lalikulu ndi batani laling'ono.

"Uyu ali ngati iwe. Akamakuseka, aziseka anthu awiri."

Kachiwala anakatcha Kamnzanga.

Koma ana! Omwe ankamuseka aja ndi amene anayamba kulirira amayi awo kuti nawonso akufuna Kamnzanga. Pakhonde panadzaza. Kenako mayi aang'ono anachita lendi chipinda kumsika, analemba matelala atatu, Kamnzanga anafika pazipewa, pazikwama, mpaka pa tizovala ta makanda. Lamulo linali limodzi: batani laling'ono ankasankha Kachiwala, m'chitini cha mkaka. Akachedwa kuweruka, matelala onse ankangokhala n'kumadikira.

"Abwana sanabwere?" ankafunsa choncho, akuseka.

Kachiwala atadwala, chitini chinamutsatira kuchipatala. Ankasankha ali gone, mpaka tsiku lomwe anati, "Amayi, lero sankhani nokha." M'mawa mwake anatisiya.

Mayi aang'ono anavundikira makina ndi nsalu, n'kusamukira kwathu. Amuna awo, bambo aang'ono, musawaone ngati oipa. Ena akalira amagona, iwo akalira amagwira ntchito. Anagwirizana ndi fakitale ina kuti Kamnzanga azidindidwa, osati kusokedwa. Anatsegula shopu yamagalasi m'tauni. A fakitale anati mabatani amatsamwitsa makanda, komanso ogula akutali azidzabweza katundu poganiza kuti makina analakwitsa diso. Anajambula maso awiri ofanana, akuluakulu, owala. Bambo aang'ono anavomera, kunyumba osanena.

Tsiku la mphekesera lija ndinalipo. Ndine ndinawanyengerera kuti akapitidweko mphepo, akaone shopu. Titalowa anangoima. Khoma lonse Kamnzanga, mashelefu Kamnzanga, aliyense akutiyang'ana ndi maso awiri athunthu. Sanalire. Anatsegula chikwama, anatulutsa singano ndi chitini chija, n'kuyamba kusokera kabatani padiso lakumanzere la sikipa yoyamba. Sizasi ankangodulira ulusi basi.

Mlonda anali watsopano. Anawagwira mkono.

"Mayi, apa si posokera. Mwaononga, mugula."

"Asiyeni, inu! Ndi eni ake!" ndinakuwa.

Bambo aang'ono anatuluka mu ofesi akuthamanga, mlonda n'kubwerera m'mbuyo manyazi atamugwira.

"Bambo a Kachiwala," anatero mayi aang'ono motsitsa, "uyu ndi mwana wa ndani?"

"Ndi Kamnzanga yemwe uja, mayi. Tangomukonza pang'ono."

"Mwamukonza?"

"Anthu akumukonda. Akupita kutali komwe ife sitinafikeko. Ndimati mwana wathu asaiwalike."

"Pamene ankasekedwa simunamukonze. Ndiye mwamuchiritsa lero, atapita?"

Bambo aang'ono anakhala pansi, pasimenti pomwepo, makasitomala akuona. Mayi aang'ono anamaliza batani lija, analuma ulusi, n'kutuluka okha. Palibe anawatulutsa.

Panopa sakulankhulana. Shopu yachiwiri ikutsegulidwa mwezi wamawa, ndipo ana omwe akuvala Kamnzanga sadziwa kuti kunali Kachiwala. Mayi aang'ono amakhala pawindo kuyang'ana ana akuchokera kusukulu, ndipo akaona nkhope yachikasu amatembenukira kukhoma.

Dzulo bambo aang'ono anandiimitsa panjira, maso ali psuu. Anandipatsa pepala lapulasitiki.

"Unali mkulu wake. Uvale, mwanawe, anthu akuone. Ukavala iwe, mwina mayi ako aang'ono adzamvetsa kuti sindinamutaye."

Muli sikipa, saizi yanga yeniyeni, yokongola zedi, maso awiri ofanana. Ndaibisa pansi pa matiresi, m'chipinda chomwe ndimagona ndi mayi aang'onowo. Ndikaivala ndiwabaya iwo pamtima, ndikaisiya ndawataya bambo aang'ono, omwenso anaika mwana yemweyo m'manda. Inuyo mukanakhala ine, mukanaivala?