Maliro a Chambo

Nangozo, mayi uja wogulitsa chambo pafupi ndi mpope wa mumsika, analota dzuwa lili paliwombo, ali chikhalire pabenchi lake, kanthambi koingitsira ntchentche kali m'manja.

Musamuseke, anali ndi zomulemera. Magetsi anali atazima masiku atatu, ayezi osapezeka tauni yonse, ndipo mpamba wake wonse unali m'mabeseni awiri a chambo chimene maso ake anali atayamba kuchita mbuu. M'mawa umenewo mlamu wake Fanesi, wa benchi loyandikana nalo, anamupatsira kabotolo mobisa.

"Ndi mankhwala aja amasambitsira mitembo ku mochale," ananong'ona Fanesi. "Kachivindikiro kamodzi m'madzi, nsomba zimakhala sabata yathunthu, ntchentche osayandikira n'komwe. Tonse tikutero, mlamu. Inu mukufuna mukhale ndani?"

Nangozo anakamangirira pansonga ya chitenje. Sanakatsegule, komanso sanakabweze.

Ndiye akufa analowa mumsika.

Analowera geti la kwa ogulitsa makala, awiriawiri, amuna m'masuti, amayi m'zoyera, thonje lili m'mphuno. Odulitsa ziphaso anawapatsa njira. Kuseri kwa mabenchi a tomato, kumene masiku onse kumakhala chimbudzi cholipiritsa, tsiku limenelo kunali manda, ndi mitengo yake yomwe.

Kutsogolo kunali malemu a Zingani, mwamuna wa Nangozo, amene anamwalira dzinja lathali. Suti ija inkawakhalabe bwino, kungoti khutu lamanzere linali litathothoka, ndiye analiika m'thumba la jekete.

"Odi kuno amalonda," anatero a Zingani. "Tabwera kudzatenga maliro athu."

Tcheyamani wa msika anavula chipewa. "Maliro ati, bambo?"

"Chilichonse chosambitsidwa ndi mankhwala athu ndi m'bale wathu. Sichidyedwa. Chimaikidwa m'manda."

Anayambira benchi la kumapeto. Ankanyamula nsomba, kuinunkhiza, ikapezeka yopanda fungo n'kuikulunga m'kansalu koyera, mayi wina n'kuyambitsa nyimbo. Adzukulu anakumba timanda tating'onoting'ono. Mlamba wina anamuwerengera mbiri yake yonse, kuyambira kudambo kumene anabadwira. Amene anali atagula kale, majumbo ali m'manja, anapemphedwa mwaulemu kuti akhale pansi kumbali ya anamfedwa. Bambo wina wa taye, amene anadya chambo cha Fanesi dzulo lake, anamuyeza ndi bango kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu musafulumire," anamuuza. "Malo tikusungirani."

Benchi la Fanesi linatsala lopanda ndi mamba omwe. Analira mayi uja, ndipo panalibe womuletsa, poti anali atafedwadi, mabeseni anayi athunthu.

Atatsala pang'ono kufika pa Nangozo, kabotolo kaja kanalankhula m'chitenje, mawu ake ofatsa ngati a nesi.

"Mayi, ndithireni m'besenimo msanga. Akandipeza wopanda kanthu, umboni palibe."

Dzanja la Nangozo linapita lokha pamfundo paja. Pamenepo chambo chachikulu, chimene chinali pamwamba pa zinzake, chinatukula mutu.

"Pepani mayi," chinatero, "ife tikupempha kuwola. Makolo athu onse anawola."

Nangozo anabweza dzanja. A Zingani anaima pamaso pake, iye n'kugwada.

"Mwaswera bwanji, a Nangozo?"

"Ndaswera, kaya inu bambo a Tamanda?"

"Ife tikuthothoka. Gawo lathu la mankhwala likuthera mumsika muno."

Anachotsa thonje m'mphuno, anawerama pabeseni, n'kukoka mpweya wautali.

"Zayamba kununkha."

"Zayamba, bambo."

"Mboni zilipo?"

Abale inu, mboni zake! Ntchentche zonse za mumsika, zija zinasowa potera miyezi yonseyi, zinabwera n'kundanda m'mphepete mwa mabeseni a Nangozo, zikupikisa timanja tawo mwaulemu. Yaikulu yobiriwira ija inalumbira m'malo mwa zonse kuti pabenchi limeneli sinabwererepo ndi njala.

A Zingani anatembenukira anzawo, chifuwa chili patsogolo.

"Abale, mkazi wanga ndi ameneyu. Nsomba zake zimawola."

Akufa anaomba m'manja katatu. Amayi anaimba nthungululu, ngakhale inkamveka yotsekeka chifukwa cha thonje. Nangozo ananyada, ananyada zedi, mpaka misozi. Paukwati wake womwe sanamutamande chotere.

"Koma muli ndi kanthu kanga pachitenjepo," anatero a Zingani motsitsa mawu.

Manyazi anamugwira. Anamasula mfundo ija n'kupereka ndi manja awiri. Pakapepala ka botolo panali dzina la a Zingani, ndi tsiku limene anamwalira. Iwo anakatembenuza uku ndi uku, n'kuona kuti chivindikiro n'chosathyola.

"Simunatsegule."

"Ndinaganizako, bambo. Ndisakunamizeni."

"Zoganiza sitiika m'manda."

Anamubwezera kabotolo n'kutambasula manja onse awiri. Nangozo anadziwa chochita. Ali chigwadire, anathyola chivindikiro n'kuwathirira pang'onopang'ono, monga ankawathirira madzi osamba m'manja zaka makumi awiri ndi ziwiri. A Zingani anasamba m'manja, anasukusula, kenako anatulutsa khutu lija m'thumba n'kulibwezera pamalo pake. Linagwira.

"Eya, tsopano ndikumva bwino. Pali mawu?"

"Ana ali bwino. Tamanda wayamba kuyenda ngati inu."

"Chabwino. Tsalani, kwathu kumatsekedwa msanga."

Anakonza jekete n'kutsata anzawo kuseri kwa tomato. Womaliza anakoka geti la manda, ndipo linalira ndendende ngati mawu a Fanesi.

"Mlamu! Mlamu! Mukugona nsomba zikufa kachiwiri? Thiranitu, anthu inu!"

Nangozo anatsegula maso. Fanesi anali akumugwedeza phewa. Chambo chija chinali chitapita basi, mimba zitatupa, chala ukachidina chikulowa. Mpamba wonse, phwii! Zinamupweteka, ndipo ankadziwa kuti sabata imeneyo ana adyera chisoso.

Anamasula kabotolo, kodzaza monga anakalandirira, n'kukaika m'dzanja la Fanesi.

"Kabwezeni. Eni ake akuthothoka."

"Eni ake ati? Mwapenga kodi?"

Nangozo anaimirira. Anasanjikiza mabeseni awiri aja, anapota nkhata, n'kusenza. Popita kudzala la zinyalala pali njira yachidule yodzera kuseri kwa makala, koma iye anadzera pakati penipeni pa msika, khosi lili njo, osafulumira. Mayi wina wovala bwino, jumbo la nsomba zonyezimira lili m'manja, anatseka mphuno ndi mpango.

"Iii, koma zanunkha! Zowola zimenezi ndi za ndani?"

Nangozo anaima, n'kutembenuka ndi katundu wake yense kuti mayiyo amuone bwino nkhope.

"Ndi zanga, mayi. Dzina ndi Nangozo. Mukauzeko anzanu."