Injini Imene Sinapume pa Tsiku la Vishwakarma

Mitu isanu ya injini inali itang'aluka kale, ndipo yonse isanu anaiumba Dhaniram Lohar, mkulu wa ku ng'anjo. Inkang'aluka pamalo amodzimodzi, pakati pa silinda yachitatu ndi yachinayi, isanakwanitse n'komwe masiku atatu ikulira. Munthu wamkulu uja anafika pomadya chapati osaimva kukoma.

Fakitale yawo ya ku Jabalpur inkapanga timagalimoto ta asilikali tokwera mapiri, koma injini zinkabwera pa sitima. Tsopano panamveka zoti zizipangidwa konkuno. Mapulani anachokera kutsidya kwa nyanja, kwa anthu osadziwa dzuwa losungunula phula pamsewu, choncho njira ya madzi oziziritsa anaijambula yopapatiza ngati bango. Asilikali nawo anatopa kudikira. Ananena mawu amodzi: injini ilire maola zana osazima ngakhale kamodzi. Ikalephera ulendo uno, ng'anjo izimitsidwe, amuna makumi asanu ndi atatu akagwire khasu kwawo.

Pa mutu wachisanu ndi chimodzi Dhaniram anachita zosaloledwa. Anakonza chikombole cha mchenga mwa nzeru zake, n'kukulitsa njira ya madzi ija. Kuriakose, injiniya wochokera ku Kerala, atayeza anavula magalasi.

"Ustad, apa mwapatuka pa mapulani," anatero, kumutchula Dhaniram ndi dzina laulemu la mmisiri wamkulu.

"Mapulaniwo atipatsa mitembo isanu, Sahib," anayankha Dhaniram, monga amatchulira mabwana kumeneko. "Mukufuna tikumbenso dzenje lina?"

Kuriakose anasaina kuvomereza, injini n'kuilizitsa Lolemba, sajeni wa asilikali atakhala pambali ndi wotchi yake. Koma injiniyayo anali Mkhristu wodziwa kuwerenga maola, osati kuyang'ana kalendala ya anzake. Lachinayi linali tsiku la Vishwakarma, mulungu wa amisiri, tsiku limene chida chilichonse chimapuma. Nyundo, sipanala, makina aakulu ndi aang'ono, zonse zimapukutidwa, kudonthezedwa utoto wofiira ndi kuvekedwa maluwa. Ndipo amene ankayenda ndi mbale ya lubani n'kumazimitsa makina, kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, anali Dhaniram yemweyo.

Lachinayi m'mawa fakitale yonse inali zii, kupatula nyumba yoyesera injini. Injini inali itatha maola makumi asanu ndi awiri, kutatsala makumi atatu. Dhaniram analowa ndi mbale yake, khamu lili pambuyo. Kuriakose anaima pafupi ndi kiyi wozimitsira injini.

"Zimitsani, Ustad," anatero Babulal, wa makina osemera zitsulo, munthu wapakamwa ngati lumo. "Kapena mulungu wathu adikire wotchi ya sajeni?"

"Ikazima basi kwatha, Babulal. Ana ako udzawadyetsa maluwa?"

"Ha! Lero mwayamba kulankhula ngati a Sahib. Mawa tikuonani mutamanga tayi. Chaka chija mnzathu Sukhlal anagwira makina pa tsikuli, zala zinatsala zingati? Mukufuna kutiitanira tsoka tonse?"

Anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo Dhaniram anachita mantha, mantha enieni. Iye sanali munthu wochita mwambo mwa chiphamaso. Bambo ake anamwalira asanagwirepo nyundo pa tsikuli. Anayandikira injini, dzanja likupita ku kiyi, ndipo Kuriakose, wopanda mphamvu pa khamu lotere, anangofutukako.

Ataweramira kiyi anamva kulira kwa injiniyo bwinobwino. Zisanu zija pofika nthawi ngati ino zinali zitayamba kale kutsokomola ndi kulavula nthunzi. Iyi inkangoyenda myaa, mawu amodzi osasintha. Anabweza dzanja.

"Chida chimapuma chifukwa chagwira ntchito chaka chonse," anatero mokweza kuti apose phokoso. "Ichi si chida ayi. Sichinabadwe. Babulal, mkazi wako atayamba kuchira pa tsiku la chikondwerero, ungamuuze kuti abweze mwana mpaka mawa?"

Ena anaseka, koma Babulal sanaseke. "Ndiye mbaleyo perekani kuno. Simungagwire lubani ndi dzanja lomwe lakana lamulo."

Zinamupweteka mtima kwambiri, pakuti ulemu wake wonse pafakitalepo unali m'mbale imeneyo. Anaviika chala chachikulu mu utoto wofiira, n'kutengamo nkhata imodzi ya maluwa, kenako anapereka mbale. Chalacho anachidinda pa mutu wa injini. Chitsulo chotentha chinati tsii, khungu n'kutsalira pomwepo. Sanakuwe.

"Tsoka likabwera lindipeze ine," anatero. "Pitani mukapembedze."

Anapitadi onse. Ng'oma zinamveka kutali, maswiti anagawidwa, palibe anamubweretserako. Iye anakhala pa chitini cha oyilo, nkhata ili pamwendo, chifukwa akanaiveka pa injini yolira fani ikanaimeza. Kuriakose anabwera ndi tiyi ndi bandeji. Tiyi analandira, bandeji anakana.

Lachisanu nthawi ya 3 koloko masana sajeni anatseka wotchi yake n'kugwedeza mutu. Dhaniram anazimitsa injini, ndipo makutu anangoti ngwee. Itazizira anamasula mabawuti, n'kunyamula mutu uja kupita nawo pawindo. Anthu anali atadzazanso m'nyumbamo, Babulal ali patsogolo. Kuriakose anayang'ana ndi galasi lake lokuzira zinthu pakati pa silinda yachitatu ndi yachinayi, anayang'ananso kachiwiri, kenako anapereka galasilo kwa Babulal. Panalibe mng'alu ngakhale wonga tsitsi.

Babulal anakanda m'mutu. "Chabwino, ng'anjo yapulumuka. Koma mbale ija sibwerera kwa inu, Ustad. Lamulo ndi lamulo."

"Ndikudziwa," anayankha Dhaniram.

Anatenga nkhata ija, maluwa atafota kale n'kuyamba kuyoyoka, ndipo ndi chala chake chotupa anaiveka pa mutu wa injini.

"Pepa mwanawe, ndachedwa tsiku limodzi," anatero. "Pumula tsopano."