Kalata Imene Anandibera Mlamu Wanga

Malo amene ndinkawotchererako zitsulo ku Karawang atatsekedwa, ndinatha miyezi inayi ndikuzungulira m'mageti a mafakitale, envulopu yakhaki ili kukhwapa. Palibe anandiitana. Tsiku lina mkazi wanga Nengsih anasolola kalata yanga yofunsira ntchito n'kuiwerenga ali chiimire.

"Bambo a Lilis, mwati ndinu wolimbikira, wokhulupirika, womvera. Alipo amalemba kuti ndi waulesi? Chikhamu chonse cha pageti chija n'cha olimbikira okhaokha. Lembani zimene manja anuwa anachita."

Tinalimbana nayo masiku atatu. Tinalembamo kuti ndawotcherera mathanki a madzi zaka zisanu ndi zinayi, ndiponso kuti thanki ina ya ku Klari, imene inakanika amisiri awiri, ndinaimata ndine ndipo sinadonthenso. Tinatchula makina amene ndimawadziwa ndi dzina la bwana wanga wakale woti angandichitire umboni. Tsamba limodzi basi. Nditaiwerenga komaliza, ndinamva kuti ndine munthu.

M'nyumbamo tinkakhala ndi Dulah, mlongo wake wa Nengsih, amene anachoka kumudzi kudzasaka ntchito. Ankadya changa, kugona pabalaza panga. Za kuwotcherera ankangozionera patali, kundigwirirako zitsulo apo ndi apo.

Fakitale ina yopanga mathanki italengeza kuti ikufuna amisiri, ndinakasiya kalata yanga Lachitatu. Sabata yotsatira anandiitana. Ndinavala malaya oyera, n'kukalowa mu ofesi ya mayi wolemba anthu ntchito. Patebulo pake panali mapepala awiri.

"A Karta, thanki ya ku Klari ija munaimata anthu angati?"

"Ndekha, mayi."

"Nanga bwanji pali amisiri awiri, aliyense akuti anaimata yekha? Iyi inafika Lolemba, yanu Lachitatu. Mawu ndi omwewo. Ngakhale pamene munaphonya polemba dzina la makina, uyunso anaphonya pomwepo."

Ananditembenuzira pepalalo. Mmunsi mwa mawu anga munali dzina la Dulah.

"Mwini wake amuyesa kale m'mawa uno kumakina. Okopera ife sitiwafuna. Pitani."

Ndinatuluka.

Linali dzuwa la masana, lija loswa mtengo. Kutsidya kwa msewu, pa kamsasa kogulitsira nthochi zokazinga, ndinamuona Dulah atakhala pabenchi, akumwa khofi, atavala nsapato zanga zopitira ku mzikiti. Atandiona anaseka mwamanyazi.

"Aa, alamu! Nanunso mwafika kuno?"

"Kalata yanga unaitenga liti?"

"Musakwiye, alamu. Si mapepala chabe? Inu ndi mmisiri, mupeza pena. Ine ndilembe chiyani, kuti ndimadziwa kuweta abakha?"

Anthu a pabenchipo anaseka. Kusekako n'kumene kunandimaliza.

M'dzanja ndinali ndi chipewa cholimba cha njinga yamoto. Ndinamumenya nacho kukamwa, khu! Anagwa chagada, khofi n'kumukhuthukira pachifuwa. Anadzuka akulavula magazi ndi zidutswa za mano, natola botolo la msuzi wa tsabola n'kundiphwanyira pamphumi. Maso anga anayaka moto, magazi ndi tsabola zikutsikira limodzi. Sindinkaonanso bwino, koma ndinamumva pomwe anali. Ndinamugwira pakhosi, tonse n'kugwera patebulo. Chiwaya chinapendekeka, mafuta otentha n'kumuthira Dulah mwendo. Kukuwa kwake kunali ngati kwa mbuzi yozingidwa.

"Aphana! Aleretseni, aphana!" anakuwa mayi wogulitsa nthochi.

Palibe anayandikira. Ena anangotulutsa mafoni.

Dulah anandiluma khutu, ine n'kumukhoma bondo m'mimba. Ndinamukhalira pachifuwa n'kuyamba kumusinja zibakera. Chilichonse chinali ndi mawu ake.

"Zaka zisanu ndi zinayi! Zanga! Galu iwe! Mpunga wanga sunakukwane?"

"Alamu, mundipha! Achemwali! Achemwali!"

Anatembenuza mutu, chibakera changa n'kutera pa simenti ndi mphamvu zonse. Ndinamva kuti thyo, dzanja lonse n'kuchita dzanzi. Pamenepo m'pamene alonda awiri a pafakitale anandikoka, mmodzi n'kundipinda mkono kumsana.

"Kodi si inu a Karta?" anatero wamkuluyo, akupuma wefuwefu. "Mayi aja andituma kuti ndikuitaneni. Akumakina abweretsa zotsatira. Uyu waboola chitsulo m'malo momata, ndiye mayi azindikira mwini kalata. Amati mubwerere mukayesedwe."

Ndinayang'ana kugeti. Mayi wa mu ofesi uja anali ataima kuseri kwa mpanda, akutiyang'ana. Malaya anga oyera anali psuu. Anatembenuka n'kulowa.

Anatitengera kuchipatala pa galimoto imodzi, n'kutigoneka pa mabedi oyandikana. Dulah anataya mano anayi, nsagwada inathyoka, mwendo unasupuka kuyambira pabondo mpaka pakakolo. Ine anandisoka pamphumi ndi khutu, dzanja lamanja n'kuliika m'chikhakha.

Nengsih anafika madzulo, Lilis ali kumbuyo. Anaima pakati pa mabedi awiriwo nthawi yaitali. Kenaka anapita kwa mlongo wake, namupukuta kukamwa ndi nsonga ya mpango wake.

"Mbava iwe," anatero motsitsa. "Amayi ndikawauza chiyani?"

Dulah anangolira. Kwa ine Nengsih anabwera pomaliza.

"Mukanabwera kunyumba, ndikanamumenya ndekha, inu n'kutsala ndi dzanja lanu."

Apolisi anati ndi nkhani ya pachibale, tikambirane. Akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi, Dulah n'kubwezedwa kumudzi. Mpaka lero apongozi anga salowa m'nyumba mwanga. Akabwera kudzaona mdzukulu amathera pakhonde.

Chikhakha anachichotsa patatha miyezi iwiri. Zala ziwiri zinakana kupindika, ndipo ndikagwira chowotcherera, mzere umayenda ngati njoka. Ndinayesa pa amisiri atatu, onse n'kupukusa mitu. Panopa ndimadula zitsulo pa kampani ina yaing'ono ku Cikampek, ndipo wowotcherera wake ndi munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha. Akaphonya ndimamulozera, iye n'kukonza.